Moto ukazima, phulusa ndi umboni

Msika, golosale kapena nyumba ikapsa, funso loyamba m'wodi limakhala lakuti: kodi ndi ngozi, kapena wina anathira mafuta n'kuyatsa dala? Mphekesera sizichedwa kuloza munthu chala. Komatu yankho lodalirika limagona m'zotsalira za motowo, malinga anthu asazisokoneze.

Petulo, palafini kapena dizilo akathiridwa pansi, si onse amene amapsa. Ena amalowerera m'dothi, m'ming'alu ya simenti, m'matabwa ndi m'nsalu, momwe malawi safika msanga. N'chifukwa chake ofufuza amayamba apeza pamene moto unayambira, kenaka n'kutapa zotsalira pamalopo. Amazitsekera m'zitini zatsopano zachitsulo, pakuti jumbo wamba amatulutsa nthunzi ya mafuta.

Ku labotale, akatswiri amapachika m'chitinimo kachidutswa ka makala okonzedwa mwapadera. Akatero amatenthetsa chitinicho pa madigiri 60 mpaka 80, kawirikawiri usiku wonse, kuti makalawo ayamwe nthunzi yotuluka m'phulusa. Zomwe ayamwazo amazisungunula ndi mankhwala n'kuziika m'makina otchedwa gas chromatograph-mass spectrometer, omwe amalekanitsa timagawo ta mafuta. Timagawo ta petulo n'topepuka, choncho timatuluka msanga. Ta palafini timatsatira, ndipo ta dizilo timachedwa. Mtundu uliwonse wa mafuta umasiya chizindikiro chakechake.

Ngakhale zili choncho, pamafunika kusamala. Pulasitiki, matayala ndi matilesi a siponji zikamapsa zimatulutsa timagawo tina tofanana ndi ta petulo, motero ofufuza amatenganso zinthu zapambali kuti afananize. Komanso kupezeka kwa petulo si umboni wakuti wina anayatsa dala, popeza ambiri amasunga mafuta a jenereta, a njinga yamoto kapena a nyali.

Umboniwu sukhalitsa. Petulo amauluka msanga padzuwa, ndipo tizilombo ta m'dothi timawononga wotsalayo m'masiku ochepa. Kusesa, kukumba pofuna katundu ndi kutola malata kumathamangitsa zonse.

Khonsolo ikupempha mafumu, makomiti a chitukuko ndi a misika kuti moto ukazima aziteteza malowo mpaka apolisi atamaliza ntchito yawo. Amene ankasunga mafuta pamalopo anene poyera. Kudekha kwa tsiku limodzi kungapulumutse munthu wosalakwa ku mkwiyo wa gulu, ndiponso kungathandize kuti wolakwa weniweni akaonekere kukhoti.