John Amos, Bambo Wosagonja wa pa Kanema

Mu 1976, anthu okonda sewero la Good Times pa wailesi ya kanema ya CBS ku America anadzidzimuka atamva kuti James Evans, bambo wa banja la m'seweroli, wafa pa ngozi ya galimoto ku Mississippi. Imfayi inalembedwa dala. John Amos, yemwe ankasewera ngati James, anali atachotsedwa ntchito.

Amos anabadwa pa 27 Disembala 1939 ku Newark, m'chigawo cha New Jersey. Ali mnyamata, mtima wake unali pa mpira wa ku America. Anasewera ku Colorado State University, n'kukayesa mwayi ku matimu a Denver Broncos ndi Kansas City Chiefs, koma sizinamuyendere. Atalowa m'zisudzo, anayamba kudziwika mu 1970 ngati Gordy Howard, wolengeza zanyengo mu The Mary Tyler Moore Show.

Good Times inayamba mu 1974. Inkaonetsa banja losauka la anthu akuda lokhala m'nyumba zaboma ku Chicago. Esther Rolle, yemwe ankasewera ngati mayi Florida, anaumirira kuti m'banjamo mukhale bambo, chifukwa nthawi imeneyo makanema ambiri ankaonetsa mabanja a anthu akuda opanda abambo. Amos ndiye anapatsidwa mbaliyo: mwamuna wogwira maganyu apa ndi apo, waukali, koma wosathawa ana ake.

Mkangano unabuka pa nkhani ya mwana woyamba, J.J., yemwe ankaseweredwa ndi Jimmie Walker. Anthu ankafa naye ndi phwete, ndipo olemba seweroli, ambiri mwa iwo azungu, anayamba kumupatsa mpata waukulu. Amos sanakondwe nazo. Ankadandaula kuti ana ena awiri, Thelma wofuna udokotala ndi Michael wolakalaka zamalamulo, akukankhidwira kumbali kuti anthu azingoseka zibwana. Sankabisa mawu, ndipo patapita zaka anavomera yekha kuti ankalankhula mosapsatira mpaka olembawo anatopa naye. Patatha masizoni atatu, mkulu wa seweroli, Norman Lear, anamuuza kuti asabwerenso. Awiriwa anadzagwirizananso pambuyo pake, moti mu 1994 Lear anamutenga m'sewero lina, 704 Hauser.

Atangochoka ku Good Times, mwayi waukulu unamupeza. Mu Januwale 1977, wailesi ya ABC inaonetsa Roots kwa masiku 8 otsatizana. Iyi ndi nkhani yochokera m'buku la Alex Haley yonena za Kunta Kinte, yemwe anagwidwa ku Gambia n'kukagulitsidwa ukapolo ku America. LeVar Burton anasewera Kunta ali mnyamata, Amos n'kumusewera atakula: kapolo amene anadulidwa theka la phazi chifukwa chothawathawa, koma n'kupitirizabe kuphunzitsa mwana wake Kizzy za kwawo. Gawo lomaliza linaonedwa ndi anthu pafupifupi 100 miliyoni, ndipo Amos anaikidwa pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Emmy.

Chiyambireni pamenepo, opanga makanema akafuna munthu wolemekezeka, wamawu amphamvu, ankakumbukira iye. Mu Coming to America ya 1988 anali Cleo McDowell, mwini lesitilanti wofunitsitsa kuti mwana wake akwatiwe ndi munthu wachuma, osadziwa kuti wokolopa pamalo pakepo, yemwe ankaseweredwa ndi Eddie Murphy, ndi kalonga wa ku Zamunda. Mu Die Hard 2 ya 1990 anali Major Grant, msilikali wachinyengo. Mu The Fresh Prince of Bel-Air anali bambo wa Lisa, chibwenzi cha Will Smith, pomwe mu The West Wing anavala yunifolomu ya Admiral Percy Fitzwallace, mkulu wa asilikali onse wolangiza pulezidenti.

Mu 2021, ali ndi zaka zoposa 80, anabwereranso ngati McDowell mu Coming 2 America. Anamwalira ku California pa 21 Ogasiti 2024 ali ndi zaka 84, ndipo uthenga wa imfa yake unalengezedwa pa 1 Okutobala chaka chomwecho.