Mphumu Yoyenda M'magazi: Majini Akutiuza Chiyani?

Agogo akamanena kuti mphumu ndi ya kumtundu, sakunama. Mu 1961 phiri la moto litaphulika pachilumba cha Tristan da Cunha, anthu onse a kumeneko, osakwana 300, anasamutsidwira ku England. Madokotala anadabwa kuona kuti ambiri mwa iwo anali ndi mphumu. Anthuwa anachokera kwa makolo ochepa kwambiri, ndipo ankakwatirana okhaokha.

Tikati majini pano sitikunena ziwanda ayi. Tikunena malangizo olembedwa mu DNA, amene timatengera kwa bambo ndi mayi. Mphumu ilibe jini imodzi yoiyambitsa monga zilili ndi sickle cell. Majini ake ndi ambiri, iliyonse ikuwonjezera kangachepe, ndipo utsi wa nkhuni, fumbi, mungu kapena chimfine ndi zimene zimadzutsa nthendayo.

Mu 2007 ofufuza anapeza kuti chigawo china cha kromozomu 17, pomwe pali jini ya ORMDL3, chimagwirizana ndi mphumu yoyamba paubwana. Mu 2006 gulu la Irwin McLean ku Dundee linasonyeza kuti jini ya filaggrin ikawonongeka, khungu silitchinga bwino. Zinthu zimene thupi limadana nazo zimalowera pamenepo, mwana amayamba eczema, ndipo ena pambuyo pake amadwalanso mphumu. Nthenda ya m'chifuwa kuyambira pakhungu!

Pa mankhwala zinthu zayenda ndithu. Jini ya TSLP imapanga puloteni imene imaitana chitetezo cha thupi m'njira za mpweya, mpaka njirazo kutupa ndi kuchepa. Tezepelumab, jakisoni wovomerezedwa ku America mu 2021, amatsekereza puloteni imeneyi. Dupilumab amatseka uthenga wa IL-4 ndi IL-13, motero amathandiza pa eczema ndi pa mphumu pomwe. Koma majakisoniwa ndi a mphumu yovuta kwambiri, ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Chotidetsa nkhawa n'chakuti kafukufuku wambiri wachitika pa anthu ochokera ku Ulaya. Zolakwika za filaggrin zofala kumeneko sizipezekapezeka mwa anthu a mu Africa, choncho kuyeza kopangidwira azungu kukhoza kutiphonya ifeyo. Ngakhale kwawoko, dokotala sapeza mphumu poyeza DNA. Amafunsa mbiri ya wodwala ndi ya banja lake, kenaka amayeza mphamvu ya mpweya wotuluka m'mapapo. Ndiye tikapita kuchipatala ndi mwana amene chifuwa chake chimalira usiku, titchule ngati amalume kapena agogo ake ankabanikanso.