Ayran, Chakumwa cha Yogati ndi Mchere cha ku Turkey, ndi Kakonzedwe Kake Pakhomo

Ayran ndi chakumwa chozizira cha ku Turkey chimene chimapangidwa ndi zinthu zitatu zokha, zomwe ndi yogati wopanda shuga, madzi ndi mchere, ndipo kawirikawiri chimamwedwa pamodzi ndi chakudya, makamaka nyama yootcha yonona imene kumeneko amaitcha kebab, kapena lahmacun, yemwe ndi buledi wopyapyala wopakidwa nyama yogaya ndi tsabola. Kwa munthu amene anazolowera kuti chakumwa cha mkaka chizikhala chotsekemera, mchere umenewu umadabwitsa pa ulendo woyamba, koma ntchito yake imamveka akamadya, chifukwa kuwawasa kwa yogati kumachotsa mafuta m'kamwa, pamene mapuloteni ndi mafuta a mumkaka amaziziritsa ukali wa tsabola kuposa mmene madzi wamba angachitire.

Chakumwachi chinachokera kwa abusa a mitundu ya Turk amene ankayenda ndi nkhosa, mbuzi ndi ng'ombe zawo m'zigwa za pakati pa Asia, kumene mkaka wongokama kumene sukanatha kusungika m'nyengo yotentha pokhapokha utasasitsidwa. Mahmud al-Kashgari, katswiri amene analemba dikishonale ya zinenero za anthuwa yotchedwa Dīwān Lughāt al-Turk pakati pa 1072 ndi 1074, anatchulamo kale ayran ngati chakumwa chochokera ku mkaka. M'midzi ya ku Anatolia, yogati ankamuthira madzi n'kumukhutchumula m'chiwiya chotchedwa yayık, chomwe chimakhala thumba la chikopa cha mbuzi kapena mgolo wamatabwa wopachikidwa pa zingwe, mpaka batala atayandama. Batalayo akamuwengula, madzi oyera owawasa otsalawo ankawathira mchere n'kumwa. Mpaka lero ayran wa mtundu umenewu amatchedwa yayık ayranı ndipo amalemekezedwa kuposa wa m'makapu apulasitiki ogulitsidwa m'masitolo. Ngakhale ndale zinalowererapo: mu 2013 Recep Tayyip Erdoğan, amene pa nthawiyo anali nduna yaikulu, analengeza kuti chakumwa cha fuko lonse ndi ayran, ndipo mawuwo anabwera m'chaka chimene boma lake linakhwimitsa malamulo a kagulitsidwe ka mowa.

Popeza zosakaniza n'zochepa chonchi, ubwino kapena kuipa kwa ayran kumachokera pafupifupi konse kwa yogati, ndipo n'chifukwa chake mabanja ambiri ku Turkey amadzipangira okha yogatiyo. Yogati ndi mkaka umene wasasitsidwa ndi mabakiteriya a mitundu iwiri, Streptococcus thermophilus ndi Lactobacillus bulgaricus. Wachiwiriyu anamuzindikira Stamen Grigorov wa ku Bulgaria mu 1905 pamene ankaphunzira zachipatala ku Geneva. Tizilombo timeneti, tomwe si toyambitsa matenda, timadya lakitozi, amene ndi shuga wachibadwa wa mumkaka, n'kumusandutsa asidi, ndipo asidiyo akachuluka mapuloteni a mumkaka amagwirana, mkaka n'kulimba. Pakhomo, lita imodzi ya mkaka wosachotsedwa mafuta imatenthetsedwa mpaka itatsala pang'ono kuwira, pa madigiri 85 mpaka 90, uku ikutakasidwa kuti isapserere pansi pa poto, ndipo kutenthetsaku kumapha tizilombo tina tosafunika komanso kumasintha mapuloteni kuti yogati adzalimbe bwino. Kenaka mkakawo umasiyidwa kuti uzizire kufika pa madigiri 42 mpaka 45, kutentha kumene chala chosambitsidwa bwino chimatha kupirira kwa kanthawi osapsa. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa mkaka ukatentha kwambiri mabakiteriya amafa, ukazizira kwambiri amagwira ntchito mwaulesi ndipo yogati amatuluka wamadzimadzi. Masupuni awiri aakulu a yogati wakale, amene ku Turkey amamutcha maya, amasungunulidwa kaye m'kapu ndi mkaka wofundawo pang'ono, n'kuthiridwa mu poto, ndipo potoyo amavindikiridwa n'kukutidwa ndi bulangete kwa maola anayi kapena asanu ndi limodzi osagwedezedwa. Akalimba amaikidwa mufiriji usiku wonse. Yogati amene wakhala masiku awiri kapena atatu, amene wayamba kuwawasa ndithu, amatulutsa ayran wokoma kuposa wa tsiku lomwelo, amene madzi akangolowamo kukoma kwake kumazimirira.

Wogula yogati m'sitolo ayenera kuwerenga zolembedwa pa chigubu, chifukwa yogati wothira shuga, zipatso kapena vanila sagwirizana ndi mchere m'pang'ono pomwe. Chambiko chimene chimadziwika ku Malawi chikhoza kuthiridwa madzi ndi mchere mofananamo ndipo chimamweka, komabe mabakiteriya ake ndi a mtundu wina umene umagwira ntchito pa kutentha wamba kwa m'nyumba, choncho fungo ndi kuwawasa kwake sizifanana ndi za ayran weniweni.

Muyeso wa madzi ulibe lamulo limodzi, chifukwa umadalira kulimba kwa yogati. Ngati ndi wolimba, monga amene wasefedwa pa nsalu yoyera mpaka madzi ake atadontha, kapu imodzi ya yogati imafuna kapu imodzi ya madzi kapena kuposerapo. Ngati ndi wofewa, makapu awiri a yogati amakwanira ndi kapu imodzi ya madzi. Chofunika n'chakuti chakumwacho chikhale chopepuka moti n'kumweka mosavuta pa ludzu, koma chikasiye utoto woyera m'mbali mwa tambula. Dongosolo la kasakanizidwe nalonso lili ndi ntchito: yogati amayamba wamenyedwa yekha pamodzi ndi mchere mpaka atasalala, ndipo madzi amathiridwa pang'onopang'ono pambuyo pake, chifukwa akathiridwa onse nthawi imodzi pamatsala mibulu imene imavuta kuiphwanya. Madziwo akhale ozizira kwambiri, ndipo kumene ukhondo wake uli wokayikitsa ayambe awiritsidwa n'kuziziritsidwa, popeza ayran saphikidwanso. Mchere wokwana theka la supuni yaing'ono pa lita imodzi ndi poyambira pabwino, wina n'kumawonjezera atalawa.

Thovu ndi limene anthu a ku Turkey amanyadira kwambiri. Tauni ya Susurluk, m'chigawo cha Balıkesir, pa msewu wakale wochokera ku Bursa kupita ku İzmir, inatchuka chifukwa cha ayran wake wa thovu losefukira pamwamba pa kapu, amene apaulendo amaima kuti amwe pamodzi ndi buledi wowotcha wa tchizi, ndipo m'malesitilanti ambiri chakumwachi chimaperekedwa m'makapu amkuwa, chitatungidwa m'makina amene amachizunguza mosalekeza. Thovulo ndi mpweya umene wakodwa m'mapuloteni a mkaka, kotero pakhomo limapezeka pozunguza chakumwacho mu bulenda kwa mphindi imodzi, kapena pochithira m'botolo la chivindikiro cholimba, osadzaza, n'kulikhutchumula mwamphamvu. Njira ya botoloyi, ngakhale ikuoneka yachabechabe, ndi imene ikufanana kwambiri ndi yayık wa makolo a anthu a ku Turkey.

Ayran akakhala kanthawi amalekana, madzi achikasu pang'ono n'kukwera pamwamba, zolimba n'kutsikira pansi, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti wawonongeka. Mapuloteni a mkaka wosasa sasungunuka m'madzi koma amangoyandamamo, n'chifukwa chake ngakhale wa m'sitolo amakhutchumulidwa asanatsegulidwe. Mufiriji amasungika masiku awiri kapena atatu uku akuwawasirawawasira, chifukwa mabakiteriya amapitirizabe ntchito yawo pang'onopang'ono.

Pa za thanzi, chakumwachi chimabwezera madzi ndi mchere zimene thupi lataya ndi thukuta, chimapereka mapuloteni ndi kashiamu, ndipo anthu ambiri amene mkaka wamba umawapweteka m'mimba amamwa ayran popanda vuto lalikulu chifukwa gawo lina la lakitozi linadyedwa kale ndi mabakiteriya. Koma mcherewo uyenera kuwerengedwa, popeza bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndipo wodwala matenda a kuthamanga kwa magazi angachite bwino kuchepetsa kwambiri. Pofuna kusintha kakomedwe, ena amawaza mu ayran minti wouma, chizolowezi chimene chimapezeka kwambiri mu doogh wa ku Iran, mbale wake wa ayran amene nthawi zina amakhalanso ndi gasi. Akachepetsa madzi n'kuwonjezera nkhaka zoduladula, adyo ndi mafuta a olivi, chimene chimatuluka ndi cacık, yemwe amadyedwa ndi supuni m'mbale.