Cenjerani ndi Kazitape Wobisala M'kompyuta

Mlimi amene wagulitsa thonje kapena nshawa, napita ku sitolo ya intaneti pa boma kukaona ngati ndalama zace zalowa ku banki, ayenera kudziwa kuti mbala za masiku ano sizithyola citseko. Zimaika m'kompyuta kazitape wochedwa keylogger, amene amasunga batani liri lonse limene munthu wadina pa kiyibodi, pamodzi ndi mau acinsinsi otsegulira akaunti, natumiza zonsezo kwa mbalayo.

Ngakhale mabanki akulu agwamo m'msampha umenewu. M'caka ca 2004, mbala zinaika kazitape wotere m'makompyuta a banki ya Sumitomo Mitsui mumzinda wa London, mothandizidwa ndi mkulu wa alonda a pa bankiyo. Zinafuna kuba mapaundi oposa 200 miliyoni koma zinalephera, ndipo mu 2009 khoti linazipatsa cilango ca ndende.

Kazitapeyu ali wa mitundu iwiri. Woyamba ndi kacipangizo kakang'ono ngati cala, kamene amakalumikiza pakati pa cingwe ca kiyibodi ndi kompyuta. Munthu asanayambe kulemba, ayenera kutsatira cingweco ndi maso mpaka pamene calowera. Akapeza kanthu kacilendo pamenepo, asalembe ciri conse.

Waciwiri ndi pulogalamu yosaoneka ndi maso. Imalowa munthu akatsegula zomata m'kalata ya pa intaneti yocokera kwa mlendo, akaika mapulogalamu akuba, kapena akalowetsa fulashi yodwala. Nthawi zina zilembo zimacedwa kuoneka polemba, koma kawirikawiri palibe cizindikiro ciri conse. Ambiri amadzidzimuka ndalama zitacoka kale.

Mwini kompyuta ya Windows angadine pamodzi mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc kuti aone mndandanda wa mapulogalamu amene ali kugwira nchito. Akaona dzina limene salidziwa, asalifafanize mwaphuma, pakuti angaononge kompyuta yace. Afunse katswiri, popeza akulu anati safunsa anadya phula.

Pofuna kucotsa kazitapeyo, ayambe waonjezera zatsopano pa Microsoft Defender, mlonda amene amabwera ndi Windows 10 ndi Windows 11. Atatero acotse kompyuta pa intaneti, ndi kulamula mlondayo kufufuza mafaelo onse. Palinso kufufuza kochedwa Offline scan, kumene kumacitika Windows isanadzuke, kazitape asanapeze mpata wobisala. Zikakanika, asunge makalata ndi zithunzi pena, ndipo katswiri aikemo Windows mwatsopano.

Cimene ambiri amaiwala ndi ici: kucotsa kazitape sikubweza zimene anatumiza kale. Mbala ikathawa ndi kiyi, mwini nyumba amasintha loko. Motero mau onse acinsinsi, a ku banki, a makalata ndi a Facebook, asinthidwe tsiku lomwelo. Asinthidwire pa lamya kapena pa kompyuta ina yodalirika, cifukwa ngati kazitape akali m'makina akale aja, adzamvanso mau atsopanowo.

Amene ndalama zace zasowa adziwitse banki yace msanga, ndi kukanena ku polisi. Aphunzitsi ndi alembi a makopaletivu, amene amasunga cuma ca anthu ambiri, asatsegule akaunti ya banki pa kompyuta ya m'sitolo imene wina ali yense amagwiritsa nchito.