CHUKU CHA M'CHIMANGA NDI MAFUTA OBISIKA A M'THUPI LATHU

Mayi aliyense wa ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota amazidziwa njere za chimanga zimene zimatuluka m'munda zitavunda, zina zili ndi chuku chotuwa mofiirira, zina zili ndi timizere toyera. Chaka cha zokolola zambiri njere zotere timataya. Koma chaka cha njala, nkhokwe ikayamba kuoneka pansi, ambiri timangoti moto upha zonse, n'kupita nazo kuchigayo. Madokotala adapeza kuti poizoni wa m'njerezi safa ndi moto wophikira nsima, ndipo adapezanso chimene amakaononga akalowa m'thupi.

MAFUTA OTCHEDWA CERAMIDE

Allah adaumba thupi la munthu ndi tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Selo lililonse lili ndi kachikopa kolikuta, ndipo kachikopako n'kopangidwa ndi mafuta. Mu 1884, dokotala wina wobadwira ku Germany amene ankagwira ntchito ku London, Johann Thudichum, adalemba za mtundu wina wa mafuta umene adaupeza mu ubongo. Ntchito yake idamuzunguza mutu, choncho adautcha dzina lochokera ku Sphinx, chilombo cha m'nthano za Agiriki chimene chinkafunsa anthu zirapi. Lero banja lonse la mafutawa limatchedwa sphingolipids, ndipo tsinde lake ndi ceramide.

Ceramide ali ndi ntchito zambiri. Pakhungu ndiye amamata maselo akunja monga dothi limatira njerwa, kuti madzi asathawe m'thupi. Kuchokera kwa iye thupi limapanga mafuta ena okuta mitsempha ya ubongo. Ndiyenso mmodzi mwa amithenga ouza selo lokalamba kapena loonongeka kuti nthawi yake yakufa yakwana, lipereke malo kwa lina.

Thupi limadzipangira lokha ceramide. Limayamba ndi kupanga chinthu chotchedwa sphinganine, kenaka mmisiri wina wa m'selo, dzina lake ceramide synthase, amachilumikiza ndi mafuta ena. Mmisiri ameneyu ndiye amene poizoni wa chuku amam'sokoneza.

MLENDO WOFANANA NDI MWINI NYUMBA

Mu 1988 akatswiri a ku South Africa, pamodzi ndi Walter Marasas, adapatula poizoni wina kuchokera ku chuku cha mtundu wa Fusarium ndipo adamutcha fumonisin. Iwo ankafufuza chifukwa chimene khansa ya kummero inkachulukira m'dera la Transkei, limene tsopano lili m'chigawo cha Eastern Cape, kumene anthu ankadya chimanga chodzilimira tsiku ndi tsiku monga ife. Mu 1991 gulu la Alfred Merrill ku Emory University, mumzinda wa Atlanta, lidaonetsa m'mene poizoniyu amagwirira ntchito. Kapangidwe ka fumonisin kamafanana kwambiri ndi ka sphinganine, kotero mmisiri uja amam'landira ngati chipangizo chake, n'kukanirira naye. Ntchito imaima, ceramide amachepa, ndipo sphinganine amaunjikana mpaka kuvulaza chiwindi ndi impso.

Zotsatira zake zidaoneka poyera ku America. Chimanga cha mu 1989 chidali ndi poizoniyu wambiri, ndipo akavalo ambiri adafa ubongo wao utafewa. Mu 1990 ndi 1991, m'malire a Texas ndi Mexico, kudabadwa ana ochuluka kuposa masiku onse okhala ndi chilema cha ubongo ndi msana. Pambuyo pake ofufuza adaona kuti vutoli linkayenderana ndi kuchuluka kwa fumonisin amene amayi adadya ali ndi pakati. Kafukufuku wa pa nyama adaonetsa njira yake: mafuta aja akasokonekera, maselo amalephera kulowetsa bwino vitamini wotchedwa folic acid, amene mwana amam'funa kuti msana wake utsekeke m'mwezi woyamba wa mimba.

Pa nkhani ya khansa, mu 2002 bungwe la IARC lidaika fumonisin B1 m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa mwa munthu. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka zedi. Fodya, mowa ndi zakumwa zotentha kwambiri zili ndi mbali yake pa matendawa, komabe chuku sichoyenera kuchiderera.

MLINGO WAKE

Mu 2001 akatswiri a mabungwe a WHO ndi FAO adati munthu asapitirire mamaikulogalamu 2 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Munthu wolemera makilogalamu 60 malire ake ndi 120. Mu 2014 bungwe la Codex lidaika malire a mamaikulogalamu 2,000 pa kilogalamu ya ufa. Tikawerengera, ufa wofika pa malire amenewa, magalamu 60 okha akwanitsa kale mlingo wa tsiku lonse wa munthu uja, pamene nsima ya munthu wamkulu imadya ufa woposa pamenepo. N'chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza ife odya nsima masana ndi madzulo kuposa anthu odya chimanga mwa apo ndi apo.

ZIMENE BANJA LINGACHITE

Chuku cha Fusarium chimalowa chimanga chikadali m'munda, makamaka pamene kapuchi kapena mbozi zina zaboola chisononkho. Tikolole chimanga chikangouma, tisachisiye pa dothi, ndipo tichiumitse bwino tisanachisunge. Tisanapite kuchigayo tikhale pamkeka ndi lichero, tichotse njere zovunda, zosweka ndi zosintha mtundu, kenaka titsuke zotsalazo. Poizoniyu amakhala wambiri ku khungu la njere ndipo amasungunuka m'madzi. Choncho njira ya makolo athu yokonola, kupeta gaga, kuviika mphale ndi kutaya madzi ake imam'chepetsa kwambiri. Wokonda mgaiwa asankhe njere mosamala koposa. Njere zochotsedwazo zisalowe mu thobwa kapena m'phala la mwana. Amayi oyembekezera ayambe sikelo msanga ndi kumwa mankhwala oonjezera magazi amene amalandira, pakuti mumakhala folic acid.

Chisilamu chimatiphunzitsa kuti chakudya chikhale halaal komanso tayyib, kutanthauza chabwino ndi chosavulaza, ndipo thupi ndi amaanah imene tidzafunsidwa. Ifenso amene Allah watipatsa zokolola, popereka zakaat ndi sadaka tisasankhe thumba lovunda limene sitingaphikire ana athu. Mnansi akalandira chimanga chabwino m'mwezi wa Januwale, sadzakakamizika kugayitsa njere zimene mkazi wake adazipatula pa lichero. Allah ateteze mabanja athu, Aameen.