Masamba a pamsewu ndi khasu la pa mbendera

Mwana wa zaka 6 akamayamba kalasi yoyamba amakhala asanadziwe zilembo, koma amakhala atayamba kale kuwerenga zizindikiro. M'midzi yambiri ya Achewa ndi Angoni, mwana akaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu amadziwa kuti pafupi pagwa maliro. Amasiya phokoso, ndipo ngati ali pa njinga amatsika. Palibe amene anamukhazika pansi kuti amuphunzitse zimenezi.

Tanthauzo la masambawo mwana amalipeza kwa anthu. Poyamba amangoona zimene akuluakulu amachita: abambo akuvula chipewa, amayi akutsitsa mawu. Kenako amatsanzira, ndipo akalakwitsa amadzudzulidwa kuti, "Iwe, sukuona masambawo?" Pambuyo pake amafunsa chifukwa chake, ndipo yankho limabwera m'chilankhulo cha kwawo. Akamasinkhuka amazindikiranso kuti tanthauzo limadalira malo. Nthambi zomwezo zikaikidwa pamsewu waukulu kumbuyo kwa lole, zimachenjeza kuti galimoto yafa.

Kusukulu njira imeneyi imadulidwa kawirikawiri. Chitsanzo ndi mbendera ya Mozambique, yomwe inakhazikitsidwa mu 1983. Malamulo aakulu a dziko amafotokoza kuti buku, khasu ndi mfuti zikuimira maphunziro, ntchito yobala chuma ndi chitetezo. Mwana akhoza kuloweza m'Chipwitikizi kuti enxada ikuimira produção, n'kukhoza mayeso, koma osamvetsa chifukwa chake khasu lili pa mbendera.

Komatu khasu amalidziwa bwino kuposa chilichonse m'kalasimo. Amadziwa kulemera kwake ndi nthawi imene amayi ake amalinyamula m'mawa. Mphunzitsi akafunsa m'Chinyanja kuti, "Kwanu amagwira khasu ndani? Onse atasiya kulima, kumsika kungapezeke chiyani?" ana amafika okha pa mfundo yakuti khasu la pa mbendera likuimira anthu onse amene amadyetsa dziko. Chimodzimodzinso mtundu wachikasu, womwe ukuimira chuma cha pansi pa nthaka, umamveka msanga ana akakumbutsidwa za malasha a ku Moatize.

Mfuti imafuna kusamala kwambiri. Mwana wina anamva kwa agogo ake za nkhondo imene inatha mu 1992 ndi momwe banja linathawira ku Malawi. Akafunsidwa tanthauzo la mfuti akhoza kuyankha kuti ndi mantha. Mphunzitsi akangonena kuti walakwa, mwanayo amaphunzira kuti zimene amamva kunyumba zilibe malo kusukulu, ndipo mawa lake amakhala chete. Ndi bwino kulandira yankholo, kufotokoza zimene malamulo akunena, kenako kusonyeza mizere yoyera imene ikuimira mtendere ndi kukumbutsa ana chifukwa chake pa 4 Okutobala sapita kusukulu.

Kukambirana kotere kumatheka mwana akamalankhula chilankhulo chimene amaganizira. Ntchito yoyesera ya PEBIMO, yomwe inachitika kuyambira 1993 mpaka 1997 m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, inasonyeza kuti ana amalankhula ndi kufunsa momasuka akamaphunzira m'chilankhulo chawo.

Phunziro la zizindikiro silifuna zipangizo zogula. Ana ajambule zizindikiro ziwiri zimene amaona panjira yobwera kusukulu kapena kumsika, monga mtanda wa pa tchalitchi kapena nkhope ya Samora Machel pa ndalama ya metical. Aliyense afotokoze kumene anachiona, zimene anthu amachita akachiona, ndi amene anamuuza tanthauzo lake. Mayankho akasiyana, ana akafunse akuluakulu kunyumba n'kubwera nazo mawa. Mawu a Chipwitikizi alembedwe pabolodi kumapeto, pambali pa a Chinyanja, ana atamvetsa kale chimene akutchula.