Mfuti ya mipope iwiri: yang'anani bwino musanapereke ndalama

KAMBULATSITSI – Chimanga chikayamba kukhwima, anyani ndi nguluwe sizipatsa tulo alimi a kuno ndi a ku Zóbuè, m'boma la Moatize. Ena amagona ku munda akuomba zitini, ena amaganiza zogula mfuti ya kasadeira. Koma mfuti si khasu. Ukalakwitsa pogula, imatha kukuphulikira m'manja kapena kukulowetsa m'ndende.

Mfuti imene tikunena pano ili ndi mipope iwiri, wina pamwamba wina pansi. Ubwino wake ngwakuti diso limatsata mpope umodzi poloza, ndipo chipolopolo choyamba chikaphonya, chachiwiri chimakhala chili kale m'malo. Imagwira bwino ntchito pa mtunda wa mamita 35 kapena 40 basi. Yodziwika kwambiri ndi ya nambala 12, imene zipolopolo zake sizivuta kupeza.

Mfuti za Beretta za ku Italy ndi za Browning n'zolimba, koma mtengo wake ngoposa thumba la mlimi. Zotsikirapo ndi Baikal ya ku Izhevsk m'dziko la Russia, Boito ya ku Brazil, ndi Huglu ya ku Turkey. Izi sizikongola kwenikweni, koma zimapirira fumbi ndi mvula.

Nanga yakale? Apa m'pofunika maso. Ithyoleni, muloze mipope kudzuwa ndi kusuzumira. Mukaona dzimbiri lokumba timaenje, potupa kapena pophwanyika, isiyeni. Itsekeni ndi kuigwedeza: ngati ikuchita khwekhwe polumikizira, yatha. Mipope yabwino ikagogodedwa imalira ngati belu. Onaninso thabwa logunda paphewa ngati silinang'ambike. Pa mpope pamalembedwa 70 kapena 76, kutanthauza utali wa chipolopolo m'mamilimita. Osaika cha 76 m'mfuti ya 70.

Chachikulu koposa ndi mapepala. Lamulo la zida, Decreto 8/2007, limafuna kuti mwini mfuti akhale ndi chilolezo cha apolisi a PRM, ndipo mfutiyo ilembedwe ndi nambala yake. Ya nambala yofufutidwa, ya gogodera yosulidwa kumudzi, kapena yodutsira njira zachidule kuchokera ku Mwanza, ndi mlandu, ngakhale mtengo utsike chotani. Kusaka nyama kumafunanso chilolezo china, ndipo lamulo losamala zachilengedwe la 2014, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limapereka zilango zowawa kwa opha nyama zotetezedwa.

Anthu a dera lino akudziwa chifukwa chake boma silisekerera nkhani ya zida. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okotobala 1992, mfuti zambiri zinatsala zokwiriridwa m'tchire. Mu 1995 apolisi a Mozambique ndi a South Africa anayamba kuzifukula pa ntchito yotchedwa Operação Rachel. Chaka chomwecho bungwe la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mfuti yopanda mapepala ikhoza kukhala ndi mbiri imene wogula adzaiyankhira yekha.

Choncho, alimi anzathu, yambirani ku polisi, kusitolo mufikeko pambuyo. Mukagula, muziisunga yopanda chipolopolo, pokhoma, kutali ndi ana. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.